Chitunda cha La Rumorosa

Bambo anga, a Crescencio, anagontha chaka chomwe mayi anatisiya,
koma galimoto amaimva ndi chikhatho.
Tikamatuluka mu Mexicali dzuwa lisanakwiye
amasanjika dzanja pa dashibodi
ngati woyesa malungo pamphumi pa mwana.

Kuchigwa kulibe nkhani.
Injini imangong'ung'udza zake,
minda ya thonje n'kumatsalira m'mbuyo.
Mlandu umayamba msewu ukaloza kumwamba,
kumene miyala inaunjikana ngati wina anaitaya atapsa mtima.
Ndikaponda mafuta, giya yachitatu ikubuula,
ke-ke-ke-ke,
timisomali m'chitini,
mlendo wogogoda chitseko ali kale m'nyumba.

“Ofelia, pepuza phazi.”

Anandilongosolera tsiku lina patebulo
ndi kapu yovundikira ndi supuni.
Pulagi ndiye mwini mawu, anatero,
ikathetheka, lawi liyende bwinobwino mpaka kukhoma.
Koma chitsulo chikatentha mopyola muyeso
petulo wotsalira m'mphepete sapirira,
amaphulika yekha lawi lisanam'peze,
moto uwiri n'kuwombana mitu pamwamba pa pisitoni.
“Ngati iwe ndi mayi ako,
kuyankha funso lisanathe.”

Loweruka lapitali anazula themositati yakale,
kachitseko kamkuwa kosunga madzi m'mimba mwa injini,
naiponya m'poto pamodzi ndi yatsopano.
Tinawerama tonse pa sitovu, nthunzi ili kumaso.
Yatsopano inayasama msanga, madzi asanaganize zobwata.
Yakale inauma khosi, inadikira madigiri ena khumi.
Rediyeta tinaitsuka ndi paipi ya kumaluwa:
munatuluka dzimbiri la zaka zambiri,
m'timabowo take njuchi zouma, mapiko a agulugufe,
fumbi la misewu imene ndinaiwala kuti tinadutsamo.

“Si zaulere izi,” anandichenjeza akupukuta sipanala.
“Januwale akafika, ku Tecate idzachedwa kufunda,
idzamwa petulo ngati mlamu wako paukwati.”
Ndinavomera. Ngongole ya chisanu tidzaiona pachisanu.

Lero ndi Ogasiti.
Kutsogolo kwathu kuli lole ya simenti ikukwawa,
kumanzere phompho,
pansi pake mitembo ya magalimoto itagona chagada.
Singano yagwira pakati kwa makhota asanu,
pachisanu ndi chimodzi yayamba kusendera kofiira.
Kenako, chapansipansi, ngati wochita manyazi,
ke-ke.

Sindinanene kanthu. Chikhatho chawauza kale.
Atambasula dzanja linalo, apotokola hita mpaka kumapeto.
Hita, m'chipululu, masana!
Mpweya wa ng'anjo ukundiwamba mapazi,
mawindo onse pansi, chimphepo chikutimwaza tsitsi,
thukuta likulowa m'maso, malaya amata kumsana,
tikumwa kutentha kwa injini ndi matupi athu
kuti iyo ipume.
Bambo akuseka, kuseka kokweza kwa munthu wosadzimva.

Khota lina. Linanso.
Singano ikubwerera pang'onopang'ono
ngati galu wokalipiridwa.
Ndatchera khutu kupyola mphepo, kupyola utsi wa lole:
zii.
Moto ukudikira nthawi yake.

Pamwamba, pamene payambira timitengo ta paini,
ndaima pambali pa wogulitsa buledi.
Injini ndaisiya ikulira, fani ikupukusa,
osaizima ikadali wefuwefu, ndi lamulo lawo limenelo.
Madzi a m'botolo afunda ngati tiyi,
theka tamwa, theka ndawathira m'khosi.

Ku Tijuana kwatsala ola ndi theka,
dokotala wa mtima anati tifike isanakwane thuu koloko.
Pepala lake lili m'thumba la malaya awo, lanyowa.

“Yasiya?” akundifunsa, ngakhale akudziwa.
Ndagwedeza mutu.
Achotsa chikhatho pa dashibodi,
achiika pachifuwa kanthawi, maso ali kumiyala,
akuyesa kuti ine ndikuwerenga chenji.